Msampha wa zilembo zinayi zobiriwira

Sabata ino mpira tiupumitse kaye, tikambe za masewera olota mawu a pa foni. Mfundo yanga ndi yakuti katswiri wa masewera amenewa ndi amene amadziwa nthawi yoponya liwu lolakwa mwadala, ndipo lamulo lililonse lomuletsa kutero limachepetsa nzeru m'masewerawo, ngakhale eni ake atalitcha lovuta.

Gwero lake ndi Wordle, imene Josh Wardle wa ku Wales anaitulutsa mu Okutobala 2021, ndipo nyuzipepala ya New York Times inaigula mu Januwale 2022. Kompyuta imabisa liwu la zilembo 5, inu muli ndi mipata 6. Chilembo chikagwa pamalo pake chimabiriwira, chikakhala kuti chilimo koma mwachiika pena chimachita chikasu, chikakhala kuti mulibe chimada. Liwu ndi limodzi patsiku. M'mwezi womwewo wa Januwale Fernando Serboncini wa ku Brazil anatulutsa Termo ya Chipwitikizi, ndipo kwa ife a ku Milange amene sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi imeneyi ndiyo yapafupi. Amene anakaphunzira kutsidya, ku Muloza kapena ku Limbuli, amadya kuwiri: Termo m'mawa, Wordle madzulo. Achenjere kokha kuti Wordle imalemba Chingerezi cha ku America, moti FAVOR inakwiyitsa anthu a ku Britain mu 2022, ndipo ingakwiyitsenso aliyense amene anaphunzira masipelo ku Mulanje.

Tsopano msampha. Tiyerekeze kuti mu Termo, pa mpata wachitatu, mwaponya MENTE, zilembo zinayi zakumapeto zabiriwira, M yekha wada. Mtima umati basi zatheka. Zatheka pati? Tinene kuti otsala ndi DENTE, GENTE, LENTE, PENTE, RENTE ndi SENTE. Mawu 6, mipata itatu. Mukamangolota limodzilimodzi, mwayi wanu ndi theka lokha, chimodzimodzi kuponya ndalama m'mwamba. Anthu ambiri amagwera pomwepa, ndipo chimawapweteka n'chakuti amaluza akuona zobiriwira.

Wodziwa amasiya ENTE yenseyo n'kuponya GOLPE. Akudziwa kuti si yankho. Koma liwuli lanyamula G, L ndi P, ndipo chimodzi chikawala, yankho ladziwika. Zonse zikada, kwatsala mawu atatu ndi mipata iwiri, ndiye amaponya CORDA: D akawala ndi DENTE, R akawala ndi RENTE, zikapanda kuwala ndi SENTE. Pa mpata wachisanu ndi chimodzi wapambana, popanda kulota ngakhale kamodzi. Zili ngati wotchinga kumbuyo amene wabweza mpira kwa goloboyi ochemerera akumukuwiza, pamene iye waona kuti kutsogolo konse kwatsekeka.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi okonda hard mode ya Wordle. Lamulo lake limati chilembo chilichonse chimene chawala muzichigwiritsa ntchito m'mawu onse otsatira. Ndiye mukagwera mu IGHT, pamene pali LIGHT, NIGHT, FIGHT, MIGHT, RIGHT, SIGHT ndi TIGHT, simungatulukemo ndi nzeru. Mungolota basi. Oikira kumbuyo lamuloli amati luso lake lili poyambirira, kuti muyese makonsonanti ambiri msanga ndi kupewa mathero a mawu amene ali ndi abale ochuluka. N'zoona, ndipo ndimawapatsa ulemu pamenepo. Koma tsiku lina liwu lanu loyamba lenilenilo lidzabiriwira zilembo zinayi, ndipo mudzaluza osalakwa kanthu. Masewera amene amalanga munthu chifukwa choyamba bwino sindingawatche ovuta. Angowonjezera mphumi.

Ovuta enieni ndi a mawu angapo pakamodzi. Termo ili ndi Dueto, mawu awiri pa mipata 7, ndi Quarteto, mawu anayi pa mipata 9. M'Chingerezi muli Quordle ya Freddie Meyer, imene Merriam-Webster inagula mu 2023, komanso Octordle ya mawu 8 pa mipata 13. Chotsani chiwerengero cha mawu pa chiwerengero cha mipata muone: 6 kuchotsa 1, 7 kuchotsa 2, 9 kuchotsa 4, 13 kuchotsa 8. Paliponse patsala 5. Ndiye kuti ndalama yanu ndi imodzimodzi, mipata isanu yophonya, koma zogula zachuluka. Luso lonse lagona pa kugawa mipata isanuyo.

Mu Quarteto, ine ndimati iwiri yoyamba muigwiritse ntchito osayang'ana n'komwe mitundu. SERIA ndi MUNDO, mwachitsanzo, atenga mavawelo onse asanu pamodzi ndi S, R, M, N ndi D, osabwereza chilembo. Wachitatu, liwu ngati PACTO, ndi wokambirana. Ena amauponya tsiku lililonse, n'kutsala ndi mipata iwiri yokha yophonya pa mawu anayi. Ine ndimayamba ndaona ngati pali bolodi la liwu limodzi mwa anayiwo limene lapsa kale. Likakhalapo ndimalimaliza, chifukwa yankho lolondola silidya ndalama ija, komanso zilembo zake zimagwera m'mabolodi atatu enawo n'kuwaunikira kwaulere. Cholakwa chimene chimagwetsa ambiri ndi kukakamira bolodi loyamba la kumanzere chifukwa choti ndi loyamba. Lokayikitsa lisiyeni, lidzapsa lokha pamene mukumaliza anzake. Ndipo msampha wa ENTE uja ukabwera mu Quarteto, nthawi zambiri mayankho a mabolodi ena ndi amene amaumasula.

Pali ina yotchedwa Absurdle, imene siisankha liwu pachiyambi. Mukaponya lanu, imakuyankhani m'njira yosiya mawu ochuluka kwambiri otheka, ndipo imathawabe mpaka mutaipanikiza pakona. Mipata ilibe malire. Mphumi mulibe, koma imatopetsa, ndipo si yosewera pamzere wodindira mapasipoti.

Chomaliza ndi Chichewa chathu, chimene sichifuna bandulo ya Movitel kapena Airtel. Anthu awiri, pepala ndi cholembera, wina abise liwu, wina alote. Masewera a mtundu umenewu analipo kale intaneti isanabwere: Jotto ya mu 1955 inkaseweredwa papepala. Kungoti njira za Chipwitikizi sizigwira bwino kuno. Liwu lachichewa limathera ndi vawelo, ndipo mawu ambiri a zilembo 5 ali ndi mavawelo awiri okha, monga NSIMA, MBUZI, MADZI ndi BAMBO. Kusaka mavawelo ndi kutaya mpata, chifukwa amabwera okha. Nkhondo ili pa makonsonanti ophatikizana, ndipo msampha wathu ndi woopsa kuposa wa ENTE. Pezani ALA kumapeto muone: CHALA, PHALA, KHALA, NJALA, MBALA, MWALA, TSALA, DZALA, NYALA. Apa zosadziwika ndi zilembo ziwiri, ndiye liwu lotaya liyenera kuyesa H ndi N choyamba, popeza H amapatula atatu oyambawo ndipo N amapatula NJALA ndi NYALA. Liwu ngati NTHAWI likanathandiza, koma lili ndi zilembo 6, NTHITI chimodzimodzi.   Tengani THONJE mudule? Ayi. Ponyani PHAZI kapena KHOSI kuti muyese H, kenaka NJOKA. Musanayambe, gwirizanani ngati CH ndi NG' muziwerenga ngati chilembo chimodzi, komanso ngati mawu a Chilomwe akuloledwa, chifukwa ku Milange mkangano umenewo ungatenge nthawi kuposa masewerawo.