Shopu ya ulusi si nkhuku ya chitopa

Amayi anga oluka, lero nkhani ndi yanu. Ambiri muli ndi kashopu kogulitsa ulusi, singano zolukira, mashawelo, zipewa za ana ndi tinsalu toyala pa mipando. Tsiku limafika loti kashopuko kagulitsidwe: mwina bambo awasamutsa ku ntchito, mwina maso atopa, mwinanso majuzi a kaunjika akulandani msika. Apa palibe chamanyazi. Chomvetsa chisoni n'choti ambiri mumagulitsa ngati nkhuku ya chitopa, bola ichoke m'manja.

Funso n'loti, kodi mukugulitsa chiyani kwenikweni? Mashelefu? Ayi ndithu, amenewo kalipentala aliyense akhoma. Chuma chanu ndi anthu: sukulu yomwe imaoda majuzi a yunifomu chaka ndi chaka, amayi oyembekezera amene amatumizana kwa inu, gulu la amayi a kutchalitchi lomwe limapikula ulusi. Zimenezi munazivutikira zaka, ndiye muziperekenso ngati basera?

Wogula sangakhulupirire zapakamwa. Muonetseni kabuku ka malonda ka chaka chathunthu, aone yekha miyezi yonona ndi miyezi ya njala. Ngati kabukuko mulibe, yambani lero, kugulitsa kudikire.

Nthawi nayo muisankhe. Geni ya ulusi ndi ya m'chisanu, June ndi July. Gulitsani cha mu April, wogula akuona ndalama zikubwera kutsogolo kwake. Mukadikira October, dzuwa likuswa mtengo, ndani angafune kumva za juzi? Adzakupatsani mtengo wachipongwe inu n'kuthokoza.

Tsono pa katundu samalani. Ulusi wambiri umachokera kunja, ndipo kwacha ikagwa mtengo umakwera tsiku lomwelo. Kumbukirani November 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anagulitsa katundu pa mtengo woodera wakale anangogawa mpamba. Werengani mpukutu uliwonse pa mtengo woodera wa lero. Koma chilungamo chikhalepo: ulusi wosuluka ndi dzuwa, wa mitundu yoti palibe amaifuna, ikani padera pa mtengo wotsika. Makina olukira ayesedwe wogula ali pomwepo.

Musaiwale alandilodi. Malowo si anu. Wogula akapereka ndalama, mawa lake n'kuuzidwa kuti atuluke kapena lendi yakwera, mlandu ukutsatani mpaka kumudzi. Khalani pansi anthu atatu. Za laisensi ya kukhonsolo ndi ngongole za makasitomala zimvekenso: atolere ndani, abweze ndani?

Nanga wogula akati, "Ndipereka theka, zinazo ndizipereka ndikamagulitsa"? Apa ndi pomwe ubale umathera, makamaka akakhala mlamu kapena mnzanu wa kumvano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati mwalola, lembani pa pepala ndalama ndi masiku ake, mboni ziwiri zisaine, aliyense asunge lake.

Inunso ogula, pemphani mayiwo akhale nanu mwezi umodzi pashopupo, akudziwitseni kwa makasitomala ndi komwe amaoda. Mugwirizanenso kuti sadzatsegula ina pafupi pomwepo. Kupanda apo mwagula mashelefu, anthu atsatira mwini wake.

Thukuta lanu lisapite ndi mphepo, amayi. Tionane sabata yamawa.