Kusefa magazi tsiku lililonse sikuchiza impso msanga

Impso zikaima mwadzidzidzi kaamba ka malungo aakulu, kolera, kutaya magazi pobereka kapena mankhwala azitsamba opanda muyezo, mkodzo umachepa, thupi limatupa ndipo mchere wa potaziyamu umachuluka m'magazi mpaka kutha kuimitsa mtima. Apa makina osefa magazi, omwe achipatala amati dialysis, amapulumutsa moyo pogwirizira ntchito ya impso kufikira zitatsitsimuka.

Nzosadabwitsa tsono kuti achibale amafuna wodwala wawo aziikidwa pamakinawo tsiku ndi tsiku. Nawonso madotolo adakhulupirirapo zomwezo, makamaka kafukufuku wa ku Vicenza, m'dziko la Italy, atasonyeza mu 2000 kuti kusefa mwamphamvu kumachepetsa imfa.

Koma atayesa pa anthu ambiri, nkhani idatembenuka. Mu 2008 akatswiri a ku America adatulutsa zotsatira za odwala 1,124. Ena ankasefedwa kasanu n'kamodzi pasabata, ena katatu, ndipo odwalitsitsa omwe ankakhala pamakina usana ndi usiku adagawidwanso pa muyezo waukulu ndi wocheperapo. Patatha masiku 60, omwalira adali 53.6 peresenti mwa osefedwa mwamphamvu ndi 51.5 peresenti mwa enawo. Impso sizidachirenso msanga. Chaka chotsatira, kafukufuku wa ku Australia ndi New Zealand adapeza imfa zofanana ndendende mbali zonse ziwiri, 44.7 peresenti.

Chomwe chidachuluka ndi zovuta. Kusefa pafupipafupi kumagwetsa BP, ndiye impso zovulala kale zimalandira magazi ochepa. Makinawo sasankhanso: pamodzi ndi zoipa amakokolola michere yofunika monga fosifeti, ngakhalenso mankhwala ena opha tizilombo omwe wodwalayo akudalira.

Kuthamangira kuyamba nakonso sikudapindule. Kafukufuku wa STARRT-AKI wa mu 2020, wa odwala pafupifupi 3,000 m'maiko 15, adapeza kuti oyambitsidwa msanga adamwalira mofanana ndi anzawo, koma mwa opulumuka, iwowo ndiwo adachulukirapo kukhalabe pamakina patatha masiku 90.

Izi zisasanduke podzikhululukira pomana odwala chithandizo. Munthu amene potaziyamu wakwera moopsa kapena madzi adzadza m'mapapo afunika makina nthawi yomweyo, mwinanso mawa lake. Katatu pasabata kamene adayesa ku America kadali kokwanira bwino, osati kodukizadukiza chifukwa madzi kapena zipangizo zatha.

Kuno kwathu, komwe makina m'zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central ndi owerengeka, ulendo uliwonse woonjezera popanda chifukwa umalanda malo a wodwala wina. Vuto lalikulu n'loti ambiri amafika mochedwa. Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti chipatala chilichonse chaboma chikutha kuyeza creatinine tsiku lomwelo, ndipo madzi a diripi ndi ambulansi zilipo, kuti wodwala wa ku Nsanje kapena ku Mchinji atumizidwe impso zisadaimiretu.