Motoka yaliwilo ya salaula siigulidwa ndi maso cabe

Mwezi ukatha malipilo n'kulowa, anyamata ambili mu Lusaka, Kitwe ndi Chipata amakhalila pa foni kupenyelela zithunzi za mamotoka a ku Japan. Sayang'ana Corolla kapena Vitz iyai. Maso ali pa Subaru Impreza WRX, Mitsubishi Lancer Evolution ndi Mazda RX-8. Mtengo ukaoneka wotsika, cifukwa cake cimapezeka pamunsi pa cithunzi, m'tumalemba tung'onotung'ono: makilomita 150,000, zina 180,000. Tsono funso limabwela lakuti, kodi tigule kapena tileke?

Ife sitili pagulu la aja amene amati motoka yotele ndi ya anthu osokonezeka mutu. Cikondi cimeneci cili ndi poyambila. Colin McRae anatenga cikho ca dziko lonse ca mpikisano wa rally mu 1995 ali mu Impreza, ndipo kuno kwathu Muna Singh anakhala katswili wa Africa yense mu 2004 ndi 2005. Mwana amene anakula akumva mamotoka amenewa akubangula m'fumbi sangaiwale. Akagwila kandalama, mtima umabwelela komweko.

Koma tinene mosabisa: nambala ya makilomita payokha siinena zambili. Motoka imene yayenda makilomita 160,000 m'manja mwa munthu wosintha oilo panthawi yake ingakhale yolimba kupambana ina ya 70,000 imene mwini wake anali kuithamangitsa injini isanathume. Cimene timaopa ife ndi motoka yopanda mbili yake. Ndipo motoka yaliwilo kawilikawili siigulidwa ndi agogo opita nayo ku chalichi pa Sondo. Amene anaigula yatsopano anafuna kuona pamene singano ifika.

Tiyeni titengeko Subaru, popeza ndiyo yafala m'miseu yathu. Injini yake ya mtundu wa EJ imayendela lamba uja amakanika amati timing belt, amene ayenela kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000. Akaduka motoka ili paulendo, mavalavu amagundana ndi mapisitoni, ndipo nkhani imacoka pa lamba n'kufika pa kupasula injini yonse. Ku Japan akasintha lambayo, nthawi zambili amamata kapepala pa injini koonetsa makilomita amene anasinthila. Ngati motoka yapitilila 100,000 koma kapepala palibe, cikalata palibe, welengelani mtengo wa lamba, pampu ya madzi ndi makanika pamwamba pa mtengo wogulila, tsiku loyamba lomwelo.

Cina cimene ogulitsa sachula ndi mafuta. Mamotoka a turbo opangidwila msika wa ku Japan anawakonza kuti azimwa petulo wamphamvu wa kumeneko, amene octane yake imayandikila 100. Mukaithila petulo wocepa mphamvu n'kumaiponda mpaka pansi, motowo umayaka nthawi yolakwika mkati mwa injini. Woyendetsa amangomva ngati tumiyala tukulila, osadziwa kuti pisitoni ikung'aluka pang'onopang'ono. Injini yokalamba kale siipilila zimenezi nthawi yaitali. Onjezani kuti turbo imafuna oilo wabwino, wosinthidwa pafupipafupi, osati wa m'mabotolo opanda dzina wogulitsidwa m'mbali mwa mseu. Onjezaninso kuti motokayi imakoka ndi mawilo onse anai, motelo tayala limodzi likaphulika pa dzenje, simungangoikapo lililonse lakutha theka. Matayala osiyana msinkhu amaononga zitsulo zogawa mphamvu ku mawilo.

RX-8 ndiye ili ndi nkhani yakeyake. Mazda inaipanga kucokela mu 2003 kufika mu 2012, ndipo injini yake ilibe mapisitoni monga tinazolowela. Muli zitsulo za ngodya zitatu zimene zimazungulila. Imadya oilo mwadala, ndi mmene anaipangila. Tuzitsulo twa m'ngodyamo tukatha, motoka imaliza bwinobwino m'mawa koma ikathuma, mukaizima pa filling station, imakana kulila. Ndiye cifukwa cake imachipa conco pa intaneti. Musanatumize ndalama, pitani ku Panganani Road mufunse kuti ndi amakanika angati amene anatsegulapo injini yotele n'kuibweza ikugwila nchito.

Tili ndi mphwathu wina, mphunzitsi, amene anatenga nkhongole yodulidwa pa malipilo n'kuitanitsa WRX. Tinamuuza kuti, "Mwana wa mlongo wanga, sungako ndalama pambali." Anaseka nati, "Amalume, imeneyi ni Subaru, siifa." Inafika pa Nakonde ikunyezimila. Miyezi isanu inali ya cisangalalo, atsikana a m'komboni onse anadziwa kulila kwake. Mwezi wacisanu ndi cimodzi utsi wa buluu unayamba kutuluka kumbuyo. Lelo motokayo ili pa njelwa kuseli kwa nyumba, nkhuku zikuikila mazila pansi pake, mwini wake akwela minibasi, koma nkhongole ikudulidwabe mwezi ndi mwezi. Cimene cimatiwawa n'cakuti mapepala amene akanamucenjeza analipo, iye sanawapemphe.

Mapepalawo ndi awa. Motoka yodutsa pa okushoni ku Japan imakhala ndi pepala la woipima, loonetsa giledi yake. Cilembo ca R citanthauza kuti inacitapo ngozi n'kukonzedwa, ndipo ngati makilomita ake ali okaikitsa amaikapo cizindikilo. Palinso satifiketi yotulutsila motoka m'dziko, imene imaonetsa makilomita amene analembedwa poipima m'mbuyomo. Ku Japan motoka imapimidwa ikakwanitsa zaka zitatu, ndiyeno zaka ziwili zilizonse. Ngati satifiketi ikuti zaka ziwili zapitazo inali pa 140,000 koma lelo wochi yake ikuonetsa 85,000, simufunikila mfiti kuti akuuzeni cacitika. Wogulitsa wa pa yadi amene akuti mapepalawa anasowa, mutsazikeni mwaulemu.

Apa tikupempha bungwe la ZCSA, limene limayang'anila zakuti mamotoka a salaula apimidwe asanakwele combo, pamodzi ndi RTSA, kuti makilomita olembedwa popima azilembedwanso m'buku la motoka ndi kuonjezedwa caka ciliconse pa fitness. Motoka ikagulitsidwa kaciwili kapena kacitatu m'dziko muno, wogula alibe pogwila. Wochi ya makilomita masiku ano imabwezedwa ndi laputopu pa mphindi zocepa.

Za msonkho wa ZRA sitikambapo zambili. Aliyense adziwa kuti kukula kwa injini ndi zaka za motoka zimawelengedwa, ndipo inshuwalansi nayo siiseka ndi motoka yotele. Za miseu tonse tiziona. Motoka imene mimba yake ili pafupi ndi nthaka imakhula hampu iliyonse, ndipo m'nyengo ya dzinja ku Kanyama kapena ku Chawama madzi akalowa popumila injini, basi kwatha. Kumbukilaninso kuti yocokela ku Dar es Salaam imayamba yayenda makilomita pafupifupi 2,000 m'manja mwa dalaivala amene simumudziwa, amenenso afuna kulawako liwilo lake.

Koma coopsa koposa si thumba. Injini ingakhalebe ndi mphamvu zake zonse pamene mabuleki, mashoko ndi malabala a pansi zinatopa kalekale. Mamotoka a ku Japan amatsekedwa liwilo pa makilomita 180 pa ola, ndipo anyamata ena cinthu coyamba cimene amacita ndi kucotsa cotsekelaco, asanayang'ane n'komwe mabuleki. Pa Great East Road pali ng'ombe, njinga za makala ndi ana a sukulu.

Amene mtima wakana kumva, tikuti gulani, koma tengani makanika wanu, osati wa wogulitsa. Apime mphamvu ya injini, aone pansi ngati pali dzimbili la mcele umene amathila m'miseu ya kumpoto kwa Japan nthawi ya cisanu, ndipo muilize m'mawa ili yozizila. Ngati ndalama zonse zithela pa kugula ndi msonkho, osatsalako za lamba, matayala anai ndi mabuleki, Toyota Altezza ya injini ya 3S-GE ilipo. Ilibe turbo, imakoka ndi mawilo a kumbuyo, imathamanga mokwanila, ndipo masipeya ake ambili mungawapeze mu Lusaka momwe muno.