Kulapa kokana kubweza

Fodya akayamba kulowa ku okushoni ya Chinkhoma, matchalitchi a kuno ku Kasungu amachangamuka. Ndi nyengo ya masika, ya Pepa Sande, ya misonkhano ya chitsitsimutso yochezera usiku wonse. Mlaliki akaitana, anthu amakhamukira kutsogolo kukagwada, ena misozi ili chuchuchu, ndipo ine sindikayika kuti Mzimu amagwiradi ntchito pamenepo.

Koma tamvetserani maumboni ake. Uyu anali chidakwa cha kachasu pa Santhe. Uyo ndalama za fodya ankathera akazi oyendayenda pa Chatoloma. Winayo wavula zithumwa za m'chiuno, wazitentha. Onsewa ndi machimo ndithu, ndipo wowasiya tim'yamikire Mulungu. Chondiwawa n'chakuti sindinamvepo mwini esiteti ataimirira n'kunena kuti: "Abale, ine ndinadya thukuta la matenanti anga." Tchimo lalikulu la dera lino silifika paguwa.

Amene anakulira kuno akudziwa m'mene zinkayendera. Mvula isanagwe, lole inkapita ku Mulanje, Phalombe, Machinga kapena Mangochi kukatenga mabanja. Mtengo wa ulendowo unkalowa m'kope la bwana. Phoso la chimanga, mchere, khasu, feteleza, ngakhale mapiritsi a mwana wodwala malungo, zonse m'kope. Banja linkakhetsa thukuta kuyambira kunazale, kuokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, mpaka kumanga mindindi. Tsiku lowerengera, sikelo ya bwana, giredi wotchula bwana, mtengo wodula bwana. Tenanti ku okushoni sankapondako, pepala la malonda sankaliona. Akachotsa za m'kope, ena ankatsala ndi ndalama yosakwana n'kubwerera kwawo komwe, ena ankauzidwa kuti ngongole yatsala, alimenso chaka china.

Ana nawo sankapulumuka. Poti ntchito inkawerengedwa pa banja, mwana woyenera kukhala m'kalasi ankasoka fodya. Lipoti la Plan International la 2009, lomwe linamva kwa ana a ku Kasungu konkuno, linasonyeza kuti mwana wogwira masamba onyowa amatha kulowedwa chikonga kudzera pakhungu chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Ndiko kunkachokera chizungulire, mutu ndi kusanza kwa anawo.

Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi ya ana. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. A Centre for Social Concern, bungwe la Akatolika ku Lilongwe, anali atalira za nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo ayenera kuthokozedwa. Komabe lamulo limangoletsa za mawa. Za dzulo zatsalira chikumbumtima, ndipo makolo anati mlandu suola.

Baibulo silizungulira pa nkhani imeneyi. Yakobo, mutu 5, amauza eni chuma kuti malipiro amene anamana okolola m'minda mwawo akufuula, ndipo kulirako kwam'fika Mulungu. Levitiko, mutu 6, amalamula wonyenga mnzake kuti ayambe wabweza zonse, awonjezepo limodzi mwa magawo asanu, nsembe yake ibwere pambuyo. Ife tinatembenuza ndondomeko: chopereka patsogolo, kubweza ayi. Nanga Zakeyu? Ana a Sande Sukulu amam'dziwa ngati kamunthu kakafupi kokwera mumkuyu, nkhani n'kuthera mumtengomo. Chikhalirecho mtima wa nkhaniyo uli m'nyumba, pamene analonjeza kugawira osauka theka la chuma chake ndi kubwezera kanayi aliyense amene anam'bera. Yesu analengeza chipulumutso cha nyumba ija atamva mawu amenewo.

Wina anena kuti timapulumuka mwa chisomo, osati ndi ntchito. Ameni, inenso ndimakhulupirira zomwezo. Palibe ndalama yogula chikhululukiro. Koma chisomo chikalowa mumtima, dzanja limafumbatuka. Zakale zapitadi kwa iwe wokhululukidwa, koma kwa mayi wa ku Phalombe amene mwana wake analekera sukulu m'chigafa mwako sizinapite. Akugona nazo mpaka lero.

Kupepesa kosatchula kanthu tinakuonera kwa akuluakulu. Dr Kamuzu Banda, mwana wa kuno kwathu, khoti litam'peza wosalakwa mu Disembala 1995 pa imfa ya nduna zitatu ndi phungu ku Mwanza mu 1983, anapepesa mtundu wonse mu Januwale 1996 pa zowawa zimene mwina anthu anakumana nazo mu ulamuliro wake. Sanatchule munthu, sanatchule chochitika. Mmodzi mwa ophedwawo, Aaron Gadama, analinso wa ku Kasungu. Kupepesa kotero kumapepuza wopepesayo, wolakwiridwa n'kutsala ndi mtolo wake.

Ndikudziwa kuti si bwana aliyense anali Farao. Alipo amene ankawerengera mwachilungamo, ndipo matenanti awo anapita kwawo ndi njinga ndi malata. Ndikudziwanso kuti mabwana ang'onoang'ono ambiri nawo amapanidwa: ngongole ya kampani, mabelo obwezedwa ku okushoni, mitengo yolira nayo. Tenanti amene ankazembetsa mindindi usiku kukagulitsa kwa mavenda, venda wa sikelo yobera, mlimi wobisa zinyalala pakati pa belo, onsewa kulapa kukuwadikira. Koma kupanidwa ndi wamkulu si chilolezo chopondera wamng'ono, ndipo amene anagwira cholembera ndiye woyamba kuyankha.

Abusa, ansembe ndi akulu a mpingo, nkhaniyi ili m'manja mwanu. Mtsikana akatenga pakati, bwalo la mpingo limakhala msanga, mgonero n'kumuimitsa. Bambo wodziwika mudzi wonse kuti anathamangitsa matenanti chimanjamanja amapatsidwa mpando wakutsogolo chifukwa anagula simenti ya tchalitchi. Munthu akabwera kudzalapa, m'landireni ndi manja awiri, musam'chititse manyazi pagulu. Koma pambali m'funseni mwachikondi kuti: "Kodi alipo amene muli naye mangawa?" Ngati alipo, m'perekezeni.

Ndipo inu bambo amene mawuwa akukulasani, musataye mtima, khomo la chifundo silinatsekeke. Kope lija mukudziwa pamene lili, maina mukuwakumbukira, midzi yawo kapitawo wanu wakale akuidziwa. Masiku ano ndalama imafika ku Mulanje pa foni tsiku lomwelo. Ngati simungathe zonse, yambani ndi zochepa, ndipo munene poyera kuti ndi malipiro, si mphatso. Ngati mwiniwake anamwalira, ana ake alipo. Afuneni chaka chomwe chino.