Chilumba cha Mbenje ndi Mwambo Wopumitsa Nyanja

Akuluakulu akale ankati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mwambiwu ankaunenera mwana wosusuka pambale, koma lero ukuyenera asodzi, amalonda ndi onse odya nsomba za m'nyanja ya Malawi.

M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN lidalengeza kuti mwa mitundu inayi ya chambo, itatu ili pafupi kutheratu. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo chimakawasiya m'madzi osaya, m'mbali mwa bango. Khoka likakokedwa pamalo otere nthawi yoswana, limakokolola mayi pamodzi ndi ana ake. Zikatsala, zimagwera m'maneti a udzudzu, amene boma lidagawa kuti ateteze ana ku malungo. Kasawala woyanikidwa pathandala lero ndiye chambo chimene chikasowe pamsika chaka chamawa. Ku nyanja ya Malombe chambo chidazilala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anthu a ku Mangochi amaikumbukira bwino nkhaniyi.

Malamulo a boma alipo, kuphatikizapo lamulo loona za nsomba la m'chaka cha 1997, komanso nyengo yoletsa makoka chaka chilichonse. Vuto ndi lakuti lamulo lochokera ku ofesi msodzi amaliona ngati la eni, ndipo amalisunga pokhapokha bwato la alonda likamaoneka.

Pachilumba cha Mbenje, m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Makanjira, zinthu zimayenda mosiyana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, chilumbachi chimatsekedwa mvula ikayamba mu Disembala, ndipo chimatsegulidwa cha mu Epulo pamwambo waukulu, akuluakulu atapereka nsembe kwa mizimu ya makolo. M'miyezi imeneyi palibe woponya chilimira, ndipo utaka umaswana mwamtendere pomwe asodzi ali kuminda. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wolakwa amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Amayi nawonso saloledwa kufikako. Lamulo limeneli ena amalidandaula, ndipo dandaulo lawo n'lomveka poti amayi ambiri ndiwo amakonza ndi kugulitsa nsombazo. Komabe chimene chasunga nsomba pa Mbenje ndi kupumitsa madzi, ndipo chimenecho chingatengedwe kupita nacho kwina popanda kutenga zonse.

Mphamvu ya mwambowu ili poti otseka nyanja ndi omwewo amene adzadye zotuluka m'menemo. Msodzi wa ku Chikombe amaona ndi maso ake kuti bwato limabwera lodzaza chilumba chikatsegulidwa, ndipo wakuba m'nyengo yotseka amabera anansi ake amene amamudziwa dzina ndi mtundu. Manyazi a pamudzi amaluma kuposa chindapusa cha kukhoti.

Choncho makomiti a m'madoko, amene adayamba kukhazikitsidwa ku Malombe m'chaka cha 1993, apatsidwe mphamvu zenizeni zogamula ndi kusunga gawo la ndalama za chindapusa kuti zigwire ntchito pamudzi pomwepo. Mafumu olandira nsomba ngati chiphuphu achotsedwe m'makomitiwo. Ogula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre nawonso ali ndi mbali yawo, pakuti kasawala amapitirira kugwidwa chifukwa pali womugula.