Mtengo wa pulinta suthera pa tsiku logula

Kwa Mkonzi,

Mlembi wina amene analangiza mabanja kugula pulinta yotchipa ya katiriji, kabokosi ka inki kotayidwa inkiyo ikatha, anawerengera ndalama za tsiku logula lokha, n'kuiwala kuti kabokosiko kamagulidwa mobwerezabwereza. Pulinta ya thanki, monga Epson EcoTank kapena Canon MegaTank, imathiridwa inki ya m'botolo, ndipo botolo limodzi la inki yakuda limasindikiza masamba masauzande, zimene zimapeputsa kholo la ku Shimabala lomwe likanakwera minibasi kukasaka katiriji ku Lusaka mwana akukonzekera mayeso a Giredi 12. Komabe timabowo totulutsira inki timauma pulinta ikakhalitsa osagwira ntchito, choncho mwini wake azisindikiza tsamba mlungu uliwonse ndi kuivundikira poiteteza ku fumbi. Wogula ayambe wafunsa mtengo wa inki, pakuti safunsa anadya phula.

Wowerenga,
Shimabala, Kafue