Chigoba cha Romeo Chinabisa Nkhope Yokha

Pali makolo amene mtima umawagunda akapeza mwana akuwerenga buku lonena za phwando la usiku, anyamata ndi atsikana akuvina ataphimba nkhope ndi zigoba. Funso lawo n'lomveka: kodi sukulu ikuphunzitsa ana kuzembera kumadansi? Ife tikuti mabuku oterewa akhalebe m'laibulale, ndipo gawo la phwandolo ophunzira aziliwerenga mofatsa kuposa magawo ena onse.

Titenge sewero la William Shakespeare la Romeo and Juliet, limene linasindikizidwa koyamba mu 1597, ndipo ena mwa inu makolo munakumana nalo muli kusekondale. Mumzinda wa Verona muli mabanja awiri osamwerana madzi, a Montague ndi a Capulet. Mlembi akufuna mwana wa uku akumane ndi mwana wa uko. Atani? Romeo sangafike pakhomo pa a Capulet n'kunena kuti odi. Chigoba ndicho chikumutsegulira khomo limene chidani chinatseka. Ngakhale za phwandolo anangozimva mwangozi: wantchito wa a Capulet anatumidwa ndi mndandanda wa oitanidwa, koma posadziwa kuwerenga anapempha Romeo pamsewu kuti amuwerengere. A Fomu 1, mwamva zimenezo. Ndipo Romeo ankapita kukaona mtsikana wina, Rosaline, osati Juliet.

Koma chigobacho chinabisa nkhope yokha. Tybalt, msuweni wa Juliet, anamuzindikira Romeo ndi mawu, n'kuitanitsa lupanga nthawi yomweyo. Bambo Capulet anamuletsa, posafuna ndewu pamaso pa alendo. Tybalt anameza mkwiyo, koma sanaiwale. Pofika gawo lachitatu iye wapha Mercutio, Romeo wapha Tybalt, ndipo Romeo wapirikitsidwa mu Verona. Naye Juliet anakopeka ndi munthu asanamudziwe dzina; anachita kutuma mlezi wake kuti akafunse, yankho n'kubwera kuti ndi wa kwa adani. Amene akunena kuti Shakespeare akutamanda maphwando ndiye kuti buku analitsekera panjira, sanafike nalo kumanda kumene likuthera.

Mlembi wa ku America, Edgar Allan Poe, anachita zoopsa kuposa apa m'nthano yake yaifupi ya 1842, The Masque of the Red Death. Mliri ukusesa anthu, mwana wa mfumu Prospero akudzitsekera m'linga ndi anzake olemera okwana 1,000, osauka azionera okha kunja. Patapita miyezi akukonza phwando la zigoba m'zipinda 7, chilichonse cha mtundu wake. Wotchi yaikulu ikalira, oimba amaleka kuimba. Pakati pa usiku pakuoneka mlendo wovala ngati mtembo, magazi ali waa kumaso. Atamugwira n'kumuvula, akupeza kuti m'kati mwa zovalazo mulibe munthu, ndipo onse akufa. Ife amene tinaona sukulu zikutsekedwa mu 2020 sitifunika wotimasulira nthano imeneyi. Phwando wamba silikanatheka apa, chifukwa mlendo wachilendo akanaonekeratu pakhomo.

Tikugwirizana ndi makolo ndi a komiti pa chinthu chimodzi: kuwerenga za phwando si chilolezo chopita kuphwando, ndipo malamulo a pakhomo ndi a pasukulu sasintha chifukwa cha Shakespeare. Chimene tikukana n'chakuti mwana abisiridwe tsambalo. Pamenepo m'pamene amaphunzira luso limene aphunzitsi amavutika nalo kufotokoza, loti wowerenga akudziwa zimene anthu a m'nkhanimo sakudziwa. Inu ophunzira, mukakumana ndi chigoba m'buku dzifunseni: wabisala ndani, akubisalira yani, nanga wamutulukira ndani? Mukayankha mafunso atatuwa, theka la chimangirizo chanu mwalemba kale.

Komanso alembiwa sanangozipeka m'mutu. Mu 1792 mfumu ya Sweden, Gustav III, inalandira kalata yoichenjeza kuti isapite kuphwando la zigoba ku Stockholm. Inapitabe. Chigoba inavala, koma pachifuwa panali nyenyezi yaulemu imene aliyense ankaidziwa. Anaiwombera kumbuyo, ndipo inamwalira patatha pafupifupi masabata awiri.